Bambo Sindidya

Dzinali linabadwa tsiku lachiwiri la ulendo, m'basi, ndipo amene analibereka anali bambo wina wa chipewa chofiira yemwe ankakhala mpando wakumbuyo. Mayi telala anamva ndi makutu ake. Wotsogolera ulendo, mtsikana wamtali wodziwa zinenero zitatu, ankayenda pakati pa mipando akugawa timapaketi ta mabisiketi. Atafika pamene panakhala telalayo ndi mwamuna wake, mwamunayo anangopukusa mutu.

"Aa, Bambo Sindidya akananso!" anafuula wa chipewa uja. "Mwana wanga, awowo uziwapatsa mphepo, ndi imene amakhuta nayo."

Basi yonse inafa nacho chiseko. Mwamuna wa telalayo nayenso anaseka, kuseka kwa mano okha. Mkazi wake sanaseke. Anatembenuka n'kumuyang'ana wa chipewayo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, kenako anabweza nkhope kuwindo, kumene nyumba zazitali za dziko la eni zinkadutsa iye osaziona n'komwe.

Anthu makumi atatu anali pa ulendowu, onse ochokera kwawo, ambiri osadziwana. Mwana wawo wamkazi ndi amene anawalembetsa awiriwa, ati bambo apuma pa ntchito ya umakaniko, akaoneko kunja asanakalambe. Koma mwanayo sanali m'basimo kuti aone mmene mayi ake ankavutikira.

Matenda a bamboyo sanali a masewera. Zaka zitatu zapitazo anaonda mpaka lamba kusowa pobowola. M'mimba munkatseguka mosalekeza, miyendo inkakana kumunyamula, ndipo anthu oyandikana nawo anayamba kunong'ona za matenda ena. Madokotala anayeza ichi, anayeza icho, osapeza kanthu. Pomaliza dokotala wina anati thupi lake limadana ndi tirigu. Mu tirigu ndi mu balere muli chinthu chotchedwa guluteni, ndipo chikalowa m'thupi mwake chimapala matumbo ngati sandipepala. Mankhwala ake kulibe. Mankhwala n'kusadya basi, ngakhale kanyenyeswa.

Kuyambira pamenepo telalayo anasanduka msilikali. Anataya zipande zakale ndi sefa, anagula mapoto atsopano, anaphunzira kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta pa mapaketi, magalasi ali pamphuno. Mwamuna wake anabwerera m'thupi, masaya anadzadza. Pa ulendowu mayiyo ankayenda ndi chikwama cholemera ngati mwana wobereka: nthochi, maapozi, mazira owiritsa, mtedza, mpunga wophika m'kabokosi. Analinso ndi khadi lokutidwa ndi pulasitiki, limene mwana wawo anasindikiza m'chinenero cha dzikolo, lofotokoza zimene bambo sayenera kudya.

Anzawo anabwera kudzaona dziko. Iye zimene anaona zinali mbale. M'nyumba yachifumu yakale, anthu makosi ali chagada kuyang'ana denga lopakidwa golide, iye ankaganiza za nkhomaliro. Ankadziwa kale zimene zikubwera: supu wolimbitsidwa ndi ufa, nkhuku yoviikidwa mu ufa, soseji yosadziwika zimene aikamo. Pa lesitilanti ina woperekera zakudya anabweretsa mbale ili ndi buledi pambali. Atamuonetsa khadi, munthuyo anachotsa bulediyo ndi zala n'kuikanso mbale yomweyo patebulo, akumwetulira ngati wachita zazikulu.

"Ayi. Ina. Mbale ina, chakudya china," anatero telalayo, akukankha mbaleyo.

Zinatenga theka la ola. Gulu lonse linali litadya kale, anthu akuyang'ana mawotchi.

"Anthu ena akafuna kudziwika amachita kudwala matenda a pa foni," anatero mayi wina wa ndolo zazikulu, osatsitsa mawu.

"Pang'ono sipapha, amayi," anawonjezera wa chipewa. "Ife takula ndi buledi ndipo onani mimbayi."

"Mimba yanuyo ndi yanu," anayankha telalayo. "Amene ndimachapa zovala akadwala ndine."

Mwamuna wake anamugwira mkono pansi pa tebulo. "Zisiyeni, mayi. Anthu akutiyang'ana."

"Ayang'ane. Safunsa anadya phula."

Tsiku lachinayi ndi limene iye ankaliyembekezera. Pa pepala la ulendo panalembedwa kuti masana akaona nyumba yosungiramo nsalu zakale, kumene kuli makina oluka a zaka mazana awiri ndi madiresi osokedwa pamanja. Iye amene wakhala pa makina osokera kuyambira ali mtsikana anali atazunguliza mzere umenewu ndi cholembera chofiira asananyamuke n'komwe kwawo.

M'mawa anadya pa hotela. Chakudya cha bambo chinabwera pachokha monga anagwirizana ndi a hotelayo tsiku lofika: mazira awiri, mbatata yokazinga ndi tomato. Kenako gulu linayenda wapansi kupita ku mlatho wakale wa miyala. Kumeneko wotsogolera anapereka mphindi makumi anayi zoti aliyense azungulire yekha. Azimayi anapeza kamsewu ka masitolo a nsalu ndi ulusi, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ulendo wonsewo telalayo anamusiya mwamuna wake.

"Pitani, mayi, ine ndikhala ndi azibambo anzangawa pamlatho pano," iye anatero.

Telalayo anagula mabatani a chigoba ndi sizasi yabwino, yolemera m'manja. Anabwerera mtima uli mbee.

Atayenda ola ndi theka m'basi, anamva mwamuna wake akupuma modukiza. Nkhope yake inali mbuu, thukuta lili kamukamu pachipumi, manja onse awiri atagwira pamimba.

"Bambo, chavuta n'chiyani?"

"Auzeni aimitse basi."

Dalaivala sakanaima pamsewu waukulu. Anayenda mphindi zina khumi mpaka pamalo omwetsera mafuta, ndipo mphindi khumizo zinachuluka. Potsika, mkaziyo anavula juzi yake n'kumumanga mwamuna wake m'chiuno kuti abise thalauza. M'basi munali zii. Ngakhale wa chipewa anapeza choyang'ana pansi pa mpando. Mayi wa ndolo uja anatsegula kawindo mwakachetechete, ndipo telalayo anaona zimenezo, n'kuzisunga.

Wotsogolera anawaitanira takisi. "Pepani kwambiri, amayi. Gululi sindingalisiye. Mukafika mundiimbire."

Basi inapita ku nsalu zakale. Iwo anabwerera ku hotela, bambo atagona kumpando wakumbuyo pa nyuzipepala zimene mwini takisi anayala akung'ung'udza.

M'chipinda anamusambitsa, anamumwetsa madzi a mchere ndi shuga, anamugoneka. Manja ake ankagwira ntchito okha, koma m'mutu ankawerenga. Dzulo madzulo bambo anadya mpunga wa m'kabokosi ndi nthochi. Lero chakudya cha hotela basi.

"Ndi m'khitchini muja," anatero. "Akazingira mbatata zija m'mafuta a zinthu zawo za ufa. Ndinawauza! Ndinawapatsa khadi, ndinawafotokozera ngati ana a sukulu!"

Mwamunayo anatembenukira kukhoma. "Zisiyeni, mayi."

"Zisiyeni, zisiyeni! Mudzafa ndi zisiyeni wanuyo. Ndikupita konko."

Anadikira pakhomo kamphindi, nsapato imodzi ili m'manja. Bamboyo sananene kanthu. Mkaziyo anatuluka.

Sanadikire chikepe. Anatsika masitepe onse, anadutsa chipinda chodyera chimene anali kuyalamo nsalu za patebulo, n'kukankha chitseko cha khitchini. Munali motentha, mukununkhira anyezi. Anthu anayi ovala zoyera anasiya mipeni n'kumuyang'ana tong'o. Manijala anabwera akuthamanga, tayi ikuuluka. Iyeyu ndi telalayo anali ndi chinenero chimodzi chimene onse ankachithyolathyola, koma tsiku limenelo mkwiyo unamupatsa mayiyo mawu amene sankadziwa kuti ali nawo.

"Ndani anaphika chakudya cha mwamuna wanga? Ndani? Ali gone kumwambaku ngati mtembo. Wachita manyazi pamaso pa anthu makumi atatu. Mukufuna kundiphera munthu kudziko la eni?"

Manijala analoza khukhi wina, mayi wachikulire, wamfupi, wa mikono yodzadza ndi zipsera za mafuta otentha. Anamulankhula mofulumira m'chinenero chawo. Khukhiyo anapukusa mutu mwamphamvu. Anapita pakona n'kubwera ndi chiwaya chimene chogwirira chake chinali chokulungidwa ndi tepi yobiriwira, thabwa lodulira lokhala ndi tepi yomweyo, ndi botolo la mafuta latsopano. Analoza pakhoma, pamene anamatapo chithunzi cha khadi lija.

"Akuti zonse anachita payekha," anatero manijala. "Akuti anasamba m'manja kawiri."

"Bodza! Nanga wadwala bwanji? Ndi mphepo?" Telalayo anamenya thumba la ufa limene linali pashelefu, fumbi loyera n'kuti fwaa. "Onani! Ufa paliponse! Ndilemba zonsezi. Ndiuza kampani ya ulendo, ndiuza aliyense kuti pa hotela ino amadyetsa anthu poizoni."

Mawu akuti kampani anamulowa manijala. Nkhope yake inauma. Anatembenukira kwa khukhi uja n'kunena mawu ochepa, akuloza chitseko chakumbuyo. Khukhiyo anayamba kuyankha, koma manijala anakweza dzanja. Ndiye anamasula epuloni, anaipinda bwinobwino kanayi, anaiika patebulo. Potuluka anamuyang'ana telalayo m'maso, osakwiya, osalira, kungoyang'ana basi.

"Wapita kunyumba mpaka tifufuze," anatero manijala. "Tikupepesa, amayi."

Telalayo anakwera masitepe kubwerera kuchipinda. Ankadzimva kuti wagwira ntchito. Mwamuna wake anali m'tulo, kapena ankanamizira. Anachapa thalauza lija m'sinki, analiyanika pachitsulo cha thawulo. Kenako anatola jekete limene linali pansi. Telala sapachika chovala asanapisemo m'matumba. M'thumba lakunja munali mpango ndi tikiti ya mlatho. M'thumba lamkati, limene iye mwini analisoka, munali kapepala kofiirira kopindidwa kangapo, konyowa ndi mafuta.

Anakafunyulula pansi pa nyale. Nyenyeswa zinagwera pachikhatho chake, zopyapyala ngati mamba a nsomba, zina zili ndi shuga. Pa pepalapo panali chithunzi cha ngala ya tirigu.

Anafumbata pepalalo m'dzanja. Kenako anapita pabedi n'kukoka bulangete lonse.

"Dzukani."

"Mayi, ndikumva kuzizira..."

"Dzukani muone ichi. Ndi chiyani ichi?"

Bamboyo anayang'ana pepalalo, n'kutseka maso.

"Ndikufunsa! Kapena chalowa chokha m'thumba? Chili ndi miyendo?"

"Pamlatho paja panali kasitolo kophika buledi," anayamba motsitsa. "Azibambo onse anagula. Uja wa chipewa anati, kodi Bambo Sindidya, akazi anu akapita kutali mumaopabe?"

"Ndiye anakutsegulani pakamwa? Anakugwirani manja?"

"Ayi."

"Nanga?"

Anakhala tsonga movutikira, atatsamira mutu wa bedi. "Palibe anandikakamiza. Ndinagula ndekha. Awiri. Fungo lija, mayi... zaka zitatu. Ndinati mwina thupi linaiwala. Ndinkafuna ndiime pamlatho ngati munthu, ndidye chimene anzanga akudya, popanda khadi, popanda wina kundilankhulira. Ndatopa kukhala wodwala wanu."

"Wodwala wanga!" Mawu ake anatuluka ngati nsalu ikung'ambika. "Mwatopa? Inuyo? Amene ankakunyamulani kupita kuchimbudzi ndi ndani? Amene ankagona pansi kuchipatala, makasitomala akumuthawa, ndi ndani? Inenso zaka zitatu sindinalawe buledi, osati chifukwa ndikudwala, koma kuopa kuti ndingabweretse nyenyeswa m'nyumba. Ine fungo sindilimva? Mphuno yanga inafa? Dziko lonseli ndalizungulira ndikuyang'ana m'mbale zanu. Lero tsiku limodzi lokha, langa, mwaligula ndi tizidutswa tiwiri ta buledi. Chakomachakoma pusi anagwa chagada!"

"Ndalakwa, mayi."

"Zimenezo n'zazing'ono. Mimba ndi yanu, mukafuna iotcheni. Koma munandiona ndikuvala nsapato. Ndinanena kumene ndikupita. Ndinaima pakhomo paja. Iwe unangoti chete!"

Pa zaka makumi atatu ndi ziwiri za ukwati wawo anali asanamutchulepo kuti iwe. Onse awiri anamva. Bamboyo anakweza mutu ngati wamenyedwa mbama.

"Mayi wa eni ake amuchotsa ntchito chifukwa cha ine," anapitiriza mkaziyo. "Munthu wamkulu, wa imvi, anakugulira mafuta akoako. Ndamutukwana pamaso pa anzake. Wandisandutsa mfiti kudziko la eni."

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi akowo wavutika nawo ndi wina. Mawa udzuka, ukanena wekha."

Anatsikanso nthawi yomweyo kukauza manijala. Panalibe njira yabwino yonenera zimenezo. Anangoika pepala la mafuta lija pa kauntala n'kufotokoza. Manijala anamvetsera, masaya akufiira, ndipo ulemu wonse wa masana uja unatha. Anati amuimbira khukhiyo, koma sakudziwa ngati angavomere kubwera. Sananene kuti palibe kanthu. Telalayo sanayembekezere kuti atero.

M'mawa anamudzutsa mwamuna wake dzuwa litangotuluka. Anali wofooka, maso atalowa, koma anavala yekha. Mkaziyo sanamuthandize ngakhale batani limodzi. Chipinda chodyera chinali chodzadza ndi a gulu lawo. Nkhani inali itafalikira kale kuti hotela yadwalitsa munthu, ndipo mayi wa ndolo ankanunkhiza mazira ake mokayikira.

Khukhi anali atabwera. Anaima pakhomo la khitchini, manja atapinda pachifuwa, wotsogolera ulendo ali pambali pake kuti amasulire. Bamboyo anavula kapusi.

"Amayi, chakudya chanu chinalibe vuto. Ndinadya buledi kumlatho, ndikudziwa. Mkazi wanga sanadziwe. Ndinamusiya abwere kuno ndili chete. Ndikhululukireni."

Mtsikanayo anamasulira. Anthu anasiya kutafuna. Khukhiyo anayankha mawu ambirimbiri, mofulumira, akuloza bamboyo ndi chala, kenako analoza telalayo n'kunena ochepa.

"Akuti chiyani?" anafunsa telalayo.

Wotsogolera anazengereza. "Kwa bambo akuti... akuti mdzukulu wawo wa zaka zisanu ali ndi nzeru kuposa iwo. Kwa inu akuti tsiku lina muzifunsa kaye musanamenye ufa wa anthu."

"Auzeni kuti akunena zoona. Auzeni kuti ndachita manyazi."

Anatambasula dzanja. Khukhiyo analiyang'ana, sanaligwire. Analowa m'khitchini. Patapita kanthawi kunabwera mbale ya mpunga woyera wopanda chilichonse, n'kuikidwa pamaso pa bamboyo mwamphamvu mpaka supuni inadumpha.

Wa chipewa chofiira anayesa kukonza zinthu mwa njira yake. "Eee, abale, tinkangocheza ife. Ndani ankadziwa kuti kabuledi kokha..."

"Munkadziwa," anatero telalayo, osakweza mawu, koma matebulo onse anamva. "Ndakhala ndikunena masiku anayi. Inu ndinu bambo wamkulu, ndevu zoyera, koma ntchito yanu ndi kupatsa anthu mayina ngati mwana wa pulayimale. Dzulo m'basi muja bwanji simunaseke? Nthabwala zinathera kuti?"

Wa chipewayo anayamba kupakanso batala buledi amene anali atapaka kale.

Basi inali kudikira panja. Tsiku limenelo ulendo unali wa kumapiri, kukwera ngolo zoyenda pachingwe. Telalayo anatenga kachikwama kake kakang'ono.

"Mukupita?" anafunsa mwamuna wake.

"Ndikupita."

"Nanga ine?"

"Madzi a mchere ali pawindo. Chimbudzi mukuchidziwa."

Pakhomo la basi wotsogolera anamukokera pambali. Anamuuza kuti nyumba ya nsalu ija ili panjira yomweyo, ndipo dalaivala wavomera kumutsitsa pageti n'kudzamutenga pobwerera madzulo, ngati sakudandaula kuphonya mapiri komanso kukhala yekha tsiku lonse.

"Ndekha?" anafunsa telalayo. "Mwana wanga, ndiye mwandidziwa."

Anakhala kumeneko maola asanu ndi limodzi. Anaona diresi la ukwati limene msoko wake unali waung'ono moti anachita kuvala magalasi kuti awerenge: masitichi khumi ndi asanu ndi atatu pa utali wa chala chimodzi. Mlonda anamudzudzula kawiri chifukwa choyandikira kwambiri galasi. Foni inalira katatu m'chikwama, mwamuna wake kawiri, mwana wawo kamodzi. Ya mwanayo anayankha.

"Amama, adadi akuti mwawasiya okha akudwala. Chachitika n'chiyani?"

"Afunse iwowo. Ndipo uwauze akufotokozere zonse, asadumphe za pamlatho."

"Koma ali bwanji?"

"Sakufa. Ndisiye kaye, mwana wanga, pali bambo wina pano akufuna kuyendetsa makina oluka, ndipo anthu akundilanda malo akutsogolo."